Ng'anjo ya Laimu ya kwa Nsamala

Chaka chimene njira ya ku Joni inatsekedwa, mu 1988, Sufiyani anabwerera kwa mkazi wake ku Chikweo ali ndi njinga, wailesi, bokosi lachitsulo la zovala, ndi chifuwa. Zitatu zoyambazo mudzi wonse unabwera kudzaziona. Chifuwacho anachidziwa Lukiya yekha, chifukwa ndiye ankachimva m'mawa uliwonse mwamuna wake akamawerama kuti aswali.

Sufiyani anali atagwira ntchito m'migodi zaka khumi ndi zinayi, kupita ndi kubwera. Nthawi yonseyo Lukiya analima yekha chinangwa ndi thonje, nalera ana awiri aakazi mpaka onse kuwakwatitsa. Tsopano mwamuna anali pakhomo, koma mtima wake sunali pakhasu. Ankalima mizere itatu n'kuima, manja m'chiuno, kuyang'ana kumsewu ngati munthu amene akudikira basi.

Mwezi wa Okutobala kunabwera kalata yochokera kwa Blasius, Mkatolika wa kwa Nsamala ku Balaka, amene ankagona naye chipinda chimodzi kukomponi. Mwala unamuphulitsa Blasius diso lamanzere pansi pa mgodi, ndipo lamanja linatsala loona ngati m'nkhungu. Amene anamubereka kumutulutsa tsiku limenelo anali Sufiyani. Kalatayo inali yaifupi:

"Achimwene, kuno ku Balaka kwatsegulidwa ofesi ya bungwe lothandiza anthu oyamba malonda. Safuna olemera kale ayi. Kumunda kwa amayi anga kuli kaphiri ka miyala yoyera yootcha laimu. Manja ndili nawo, maso ndilibe. Bwerani."

Sufiyani anaiwerengetsa kawiri. Lukiya anaona mmene nkhope yake inawalira, nadziwa kuti nkhani yatha kale. Chimene chinatsala chinali cha iye mwini. Atapita kukatsanzika kwa ajomba ake, mlongo wa amayi ake, mkuluyo anapukusa mutu.

"Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi," anatero. "Iwe usiye munda wa amako, ukakhale pamiyala ya eni?"

"Ajomba, zaka khumi ndi zinayi ndakhala pakhomo pano kumudikira," Lukiya anayankha atagwada. "Ulendo uno akapita, ndipita."

Anapalasa njinga mpaka pa Ntaja. Pachipata cha msika anyamata achipani anawaimitsa, iwo natulutsa makhadi awo, kenaka anakwera basi yodzera ku Liwonde.

Ofesi ya bungwelo inali chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo imene amwenye anaisiya. Munali tebulo, mipando inayi, ndi mkazi wamfupi wa zaka ngati makumi atatu, dzina lake Matilda, kwawo ku Ntcheu. Iyeyo ndiye anali mlangizi wa zamalonda wa dera lonselo. Panja panali njinga yake yamoto, yodzaza fumbi.

Matilda anamvetsera Blasius mpaka kumaliza, natembenuzatembenuza mwala woyera umene anamubweretsera.

"Ndikuuzeni poyambirira kuti musadzandide," anatero. "Ife sitipatsa munthu ndalama m'manja. Tikuphunzitsani milungu iwiri. Titumiza mmisiri adzamange nanu ng'anjo yamtundu watsopano, yaitali, yosadya nkhuni zambiri. Laimu akakhala wabwino, ogula ndikufunirani ine. Ng'anjoyo ikhala ya bungwe zaka ziwiri, ndipo mukaigwira bwino zaka zimenezo idzakhala yanu. Koma ikadzazizira miyezi itatu yotsatizana, timaipereka kwa ena. Oifuna ndi ambiri."

"Sidzazizira," anatero Sufiyani, n'kutsokomola.

Maphunziro anachitikira m'holo ya tchalitchi. Munali amuna khumi ndi mmodzi: okhoma zidebe, telala, wophika buledi, ndi ena otero. Lukiya sanali m'gulumo. Ankangobweretsa chakudya cha mwamuna wake masana, popeza Sufiyani sankadya nyama yosadziwika amene waizinga, ndipo akafika msanga ankakhala pakhonde pansi pa zenera. Tsiku lachisanu mmisiri wa ng'anjo anafunsa anthu a laimuwo kuti angadziwe bwanji kuti moto wafika pake ngati alibe chida choyezera. Sufiyani ndi Blasius anangoyang'anana. Lukiya, osadziwa kuti mawu ake akumveka mkati, anadziyankhulira yekha kuti, "Umaoneka ndi mtundu."

Matilda anasuzumira pazenera. "Mwati chiyani, mayi?"

Lukiya anachita manyazi, nakokera mpango kumaso. "Pepani. Amayi anga anali oumba mbiya. Moto ukakhala wofiira ngati magazi, mbiya imatuluka yosapsa. Umafunika uyere, ufanane ndi mkati mwa papaya."

"Lowani mudzanene zimenezi mkati muno," anatero Matilda.

Analowa, nakhala kumbuyo kwenikweni. Masiku otsalawo sanatulukenso.

Ng'anjo anaimanga mvula itatha, pambali pa kaphiri kaja. Njerwa anaumba okha. Inali yaitali ngati anthu atatu oberekana, yotsamira kuphiri kotero kuti munthu ankakwera ndi njira yam'mbali kukathira miyala ndi makala pamwamba, laimu wakupsa n'kumatulukira kukamwa kwapansi. Lukiya ndi Sufiyani anamanga kanyumba kaudzu chapafupi. Blasius ankaphwanya miyala. Ngakhale maso anali otero, dzanja lake silinkalakwa: mwala uliwonse unkatuluka waukulu ngati chibakera, monga anawaphunzitsira. Anthu a m'midzi yozungulira ankabwera kudzaonerera, ndipo tcheyamani wa chipani wa m'deralo anabwera kawiri, kuzungulira ng'anjoyo manja ali kumbuyo, kufunsa kuti inamangidwa ndi chilolezo cha yani. Matilda anamuonetsa mapepala, iye nachoka osatsanzika.

Moto woyamba unawakanika. Miyala inatuluka yoyera kunja, koma akaiswa, mkati munali mwauwisi. Tsiku lachitatu la motowo, Sufiyani ali pamwamba kuthira makala, mphepo inatembenuka, utsi wonse n'kumuphimba. Anatsika akudzandira, nagwada pansi, ndipo chimene analavula chinali chofiira.

Matilda anamupezera galimoto yopita ku Zomba. Kuchipatala anamujambula pachifuwa. Dokotala anaonetsa Lukiya chithunzicho pazenera, naloza mawanga oyera ngati ufa womwazika.

"Ili ndi fumbi la m'migodi," anatero. "Linalowa kalekale ndipo silituluka. Mankhwala ochotsa palibe. Asayandikirenso utsi kapena laimu."

Pobwerera m'basi Sufiyani ankayang'ana pazenera mpaka atadutsa mlatho wa Liwonde. Ndipamene anati, osamuyang'ana mkazi wake, "Che Lukiya, ndinakuchotsani kwanu kudzakuonetsani manyazi. Tibwerere ku Chikweo."

"Tikabwerere ndi chiyani?"

"Ndi moyo umene watsalawu."

Lukiya anaganizira za ku Chikweo. Kubwerera kunali kosavuta. Munda unalipo, ajomba akanawalandira, ngakhale ndi mawu. Koma iye ankamudziwa mwamuna wake. Akanakakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu kufikira tsiku lake.

"Moto uja tinaufulumizitsa," anatero. "Makala anachepa pakati, ndipo tinatulutsa miyala isanakhute. Ndinaona, koma ndinaopa kunena pamaso pa alamu. Inu mukakhale pansi pa mlambe uja, kumene mphepo imachokera. Pamwamba ndikwera ine."

"Mkazi pamwamba pa ng'anjo?"

"Ng'anjoyo ikudziwa kuti ndine mkazi?"

Sufiyani anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, ndipo Lukiya anamusisita pamsana mpaka chinaleka.

Zinatero. Sufiyani ankakhala pamkeka pansi pa mlambe, akusoka matumba ndi kufuula malangizo amene nthawi zambiri sankafunika. Lukiya anamanga nsalu yonyowa pamphuno, nakwera. Anaphunzira kuyala miyala ndi makala mosinthanasinthana, kusuzumira pakabowo kam'mbali, ndi kudikira ngakhale Blasius akuti nthawi yakwana. Nsidze zake zinawauka. Manja anang'ambika. Tsiku limene anatulutsa miyala yachiwiri, anatola umodzi ndi fosholo, naona kuti wapepuka ngati chigumu. Anauika pansi nauthira madzi. Mwalawo unakhala chete kamphindi, kenaka unayamba kulira ngati mafuta m'chiwaya, nufuka nthunzi, nung'ambika wokha mpaka kusanduka ufa woyera mbee.

Blasius anagwada, nautapa ndi tsamba, naubweretsa pafupi ndi diso lake lotsalalo. "Alamu," anatero, "ngakhale ine ndikuuona."

Anautengera pambale kwa Sufiyani. Anauyang'ana ali chapatali monga anauzidwira, nati, "Alhamdulillah."

Matilda anatenga kathumba ka laimuyo kupita nako ku Blantyre. Patapita milungu itatu anabwera ndi uthenga wakuti fakitale ina ya shuga yamuyesa ndipo yamufuna, komanso omanga nyumba awiri. Tsiku lomwelo anatulutsa pepala la mgwirizano m'chikwama, nalemba dzina lachitatu pansi pa maina a amuna awiri aja. Lukiya anadinda ndi chala. Lole yoyamba inanyamula matumba mu Seputembala, ndipo pofika Disembala anali atalemba anthu anayi othandiza kuphwanya ndi kusefa. Koma za moto palibe amene ankazikhudza kupatula Lukiya. Anayesa kuphunzitsa mmodzi wa antchitowo, koma diso lotere silibwera mwezi umodzi.

Sufiyani anamwalira pa 15 Januwale 1990, dzuwa litapendeka, mvula ikuwaza. Sanavutike nthawi yaitali. Mlungu womaliza sankathanso kufika pamlambe, ndipo ankangopempha kuti chitseko chikhale chotsegula kuti aziona utsi ukukwera. Mtembo anaunyamula pa lole ya laimu kupita kwawo ku Ntaja, nauika m'mawa mwake. Blasius, ngakhale sanali Msilamu, anayenda ndi amuna mpaka kumanda, naponya dothi lake.

Atachoka kumanda, abale anamutenga Lukiya kupita naye ku Chikweo kukakhala eda, nthawi imene mkazi wamasiye wachisilamu amabindikira pakhomo: miyezi inayi ndi masiku khumi. Asanakwere galimoto, Blasius anamuyandikira.

"Alamu, sindikufuna kukulemetsani lero. Koma mukukumbukira zimene ananena alangizi."

"Ndikukumbukira. Miyezi itatu."

"Ndiyesa ndekha."

Anayesadi. Moto wake woyamba unapsereza miyala mpaka inakana kumwa madzi. Wachiwiri unatsala pang'ono kung'amba khoma la ng'anjo, ndipo analeka poopa kuigwetsa. Kuyambira kumayambiriro kwa Febuluwale ng'anjo inazizira.

Ku Chikweo masiku ankayenda pang'onopang'ono. Lukiya ankakhala m'nyumba ya amayi ake, osadzola mafuta onunkhira, osapita kumsika kapena kuukwati. Ana ake ankasinthana kudzamuona. Sadaka ya masiku makumi anayi inachitika, anthu anabalalika, iye natsala ndi maganizo ake. Ankadziwa bwino lomwe kuti miyezi itatu ya bungwe idzatha eda yake isanathe.

Tsiku lina mu Epulo kunamveka njinga yamoto. Anali Matilda, matope mpaka m'mawondo, atagwa kawiri panjira yochokera ku Ntaja. Anavula nsapato pakhomo, nakhala pamkeka, napepesa maliro monga mwa mwambo. Atamwa madzi anati:

"Mayi Lukiya, ndabwera kudzafunsa chinthu chimodzi, ndipo musandiyankhe mondisangalatsa. Ndinafunsa kwa ashehe ena ku Balaka. Akuti mkazi wa pa eda angathe kutuluka ngati pali chosowa chachikulu. Kodi mungabwere, ngakhale mlungu umodzi wokha, utsi ungooneka?"

Lukiya anayang'ana manja ake, amene tsopano anali atapola.

"Ashehewo sananame," anatero. "Koma njala sinandigwire, alangizi. Chinangwa chilipo. Ndikatuluka, ndituluka chifukwa cha ng'anjo, osati chifukwa cha njala, ndipo Mulungu adziwa. Munthu uja sindinakhale naye mokwanira. Zaka zambiri anali wa mgodi. Chaka chimodzi chokha ndicho anali wanga. Miyezi imeneyi ndi yomaliza imene ndingamupatse, ndipo sindifuna kuidula."

"Ngakhale ng'anjo ipite?"

"Ngakhale ipite. Chimene chikundiwawa ndi alamu a Blasius. Mukawapepesere."

Matilda anachotsa matope ouma pachitenje chake pang'onopang'ono. Kenaka anaimirira.

"Khalani eda yanu mpaka ithe," anatero. "Za ng'anjo musaziganizenso."

Lukiya anamva mawuwo ngati kutsanzika. Njinga itapita analowa m'nyumba, nauza amayi ake kuti za ku Balaka zatha.

Eda inatha pa 25 Meyi. Anasamba, navala zovala zina, ndipo m'mawa mwake ananyamuka kupita kwa Nsamala kukatenga ziwiya zake ndi kutsanzika. Anayembekezera kupeza anthu achilendo. Koma atatulukira pakaphiri anapeza mulu wa miyala yophwanyaphwanya wautali kuposa kanyumba kake, makala ali m'matumba, ndi Blasius atakhala pamwala, nkhope ataloza kunjira.

"Ndinu alamu?" anafunsa asanafike pafupi. "Tulani katunduyo. Tiyatse lero."

"Lero? Ng'anjoyi idakali yathu?"

"Idakali yathu. Mafunso pambuyo. Kwerani."

Sanamupatse mpata ngakhale wopuma. Anachotsa udzu umene unamera pakamwa pa ng'anjo ndi zisa za mavu mkati, namata ming'alu, ndipo dzuwa lisanalowe utsi unakwera. Masiku anayi otsatira Lukiya sanaganize china koma moto. Laimu anatuluka wabwino ngati kale.

Ndipamene anazindikira kuti njinga yamoto ija sinamveke. Kale Matilda sankalola mlungu kutha osafika. Lukiya anatenga kathumba ka laimu watsopano napita ku ofesi. Patebulo panali mwamuna wovala tayi, wosamudziwa.

"Ndimafuna alangizi, mayi Matilda."

"Mlangizi ndine," anatero mwamunayo, osakweza maso. "Amenewo sagwiranso ntchito kuno. Ngati ndinu a ng'anjo ya kwa Nsamala, utsi wanu ndauona, ndalemba kale. Muli ndi mwayi."

Lukiya anabwerera wapansi mtunda wonsewo. Anapeza Blasius akusefa, namulanda sefayo m'manja.

"Alamu, mundiuze."

Blasius anakhala pansi, napukuta nkhope yake yoyera ndi fumbi.

"Mayi Matilda anandilumbiritsa kuti ndisakutumizireni mawu eda isanathe," anatero. "Mwezi uliwonse iwo amalemba kalata kulikulu, kunena mmene ntchito zikuyendera. Atabwerako kwanu kuja, analemba kuti ng'anjo yayakanso. Ankafuna kuti miyezi itatu ija iyambirenso kuwerengedwa. Koma tcheyamani uja ankaifuna ng'anjoyi kuti apatse mkamwini wake, ndipo ankawerenga masiku kuposa ife. Anakanena kulikulu kuja. Kunabwera akuluakulu awiri pa galimoto. Mmodzi anapisa dzanja pakamwa pa ng'anjo, natulutsa udzu wauwisi."

"Ndiye?"

"Anawafunsa alangizi pomwepa, ine ndilipo. Sanakane. Anati, 'Ndinalemba ndine, anthuwa sakudziwa kanthu.' Anawauzanso kuti mwini moto ali pa eda, ndipo akaipereka kwa wina aigwetsa mwezi umodzi. Akuluakuluwo anakambirana, natipatsa mpaka kutha kwa Meyi. Koma anawauza alangizi kuti apereke makiyi a njinga. Anachoka pano wapansi."

Lukiya anakumbukira matope aja m'mawondo, ndi mmene mkaziyo ankawachotsera pachitenje asanaimirire. Tsono pamene iye ankauza amayi ake kuti za ku Balaka zatha, mnzake anali panjira akuganiza za bodza limene akalembe.

Anadikira kuti moto umenewo uthe bwino, nanyamuka. Ku Ntcheu anafunsira pa sitolo ndi pa tchalitchi mpaka wina anamulozera kumsewu wa ku Lilongwe, pamene amayi amagulitsa mbatata ya kachewere. Kunali mphepo yozizira ya Juni. Matilda anali atakhala kumbuyo kwa milu ya mbatata, atafunda juzi yaubweya, mpango kumutu ngati mayi wina aliyense wa pamsewu. Atamuona Lukiya anaimirira, namwetulira.

"Eda inatha bwino?"

Lukiya anali atakonza mawu ambiri m'basi, koma amene anatuluka anali ena. "Munandinyenga, alangizi."

"Sindinenso alangizi. Khalani apa, mphepo ichepa." Anamuyalira thumba. "Inu sindinakunyengeni. Ndinanamiza amene anandilemba ntchito, ndipo bodza ndi bodza. Sanandilakwire pondichotsa."

"Mukanandiuza, ndikanabwera."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinakuuzeni."

"Nanga bwanji osangowalembera zoona, kuti mkaziyo ali pa maliro?"

"Ndinalemba, mu Malichi. Anandiyankha kuti lamulo silidziwa maliro, ndipo akalola mmodzi, aliyense adzabwera ndi chifukwa chake. Mwina ananena zoona. Amene analemba lamulolo sanaganize za mkazi wa pa eda, chifukwa sanaganize kuti mkazi angakhale mwini ng'anjo." Anatola mbatata imodzi imene inagubuduka, naibwezera pamulu. "Pafupifupi zaka ziwiri ndakhala pa ntchito ija. Ndinathandiza anthu makumi anayi ndi mphambu. Ambiri anagwa chaka chisanathe, ena mwa ulesi, ena mwa tsoka. Yanu ndiyo inaima ndi miyendo yake. Sindikanatha kulemba ndi dzanja langa kuti aichotse."

Basi inaima, amayi ena nathamangira kumazenera ndi mabeseni. Matilda sanasunthe. Itapita, Lukiya ananena chimene anabwerera.

"Takambirana ndi alamu a Blasius. Malo a malemu alipo. Bwerani mukhale wachitatu. Ife Chingerezi sitidziwa, ogula amafuna makalata. Simudzakhala wantchito ayi, mudzakhala mwini ngati ife."

Matilda anayang'ana kumapiri nthawi yaitali, ndipo Lukiya anaona kuti akuchifuna chinthucho.

"Iyayi," anatero pomaliza. "Ndikabwera, tcheyamani uja adzati, 'Mwaona? Ananama kuti adyepo.' Ndipo adzamukhulupirira. Zaka ziwiri sizinakwane, ng'anjo idakali ya bungwe. Adzakulandani, nane ndidzakhala nditataya ntchito pachabe. Makalata azikulemberani mlangizi watsopanoyo. Si munthu woipa, ndi wamantha chabe. Muzipita kwa iye ndi zinthu zooneka, adzakuthandizani. Ndiponso phunzitsani anthu awiri za moto. Osati mmodzi, awiri. Chimene chinatigwetsa n'chakuti diso linali limodzi."

"Nanga inu?"

"Amayi anga akalamba, munda ulipo. Ndikumva kuti kusukulu ya mishoni akufuna wothandiza kuphunzitsa. Sindifa ndi njala."

Anakhala limodzi mpaka dzuwa linapendeka, akukamba za Sufiyani, za ana a Lukiya, ndi za mitengo ya makala. Basi ya ku Balaka itafika, Matilda anamusenzetsa dengu la mbatata. Lukiya anakana, iye naumirira, mpaka kondakitala anakalipa kuti akuchedwetsa anthu.

M'basimo, atadutsa pa boma la Ntcheu, Lukiya anayamba kulira. Pa maliro a mwamuna wake analira mwakachetechete monga chipembedzo chimafunira, koma apa zinamukanika kudzigwira. Mayi amene anakhala naye pampando anamugwira paphewa.

"Pepani, mayi. Ndi maliro?"

"Iyayi," anatero Lukiya. Anafuna kufotokoza, koma sanadziwe poyambira, ndipo mayiyo sanafunsenso.

Zaka ziwiri zinakwana chaka chotsatira. Mlangizi wa tayi uja anabwera yekha ndi pepala, nawerenga mokweza pamaso pa antchito kuti ng'anjo tsopano ndi ya Blasius ndi Lukiya. Nthawi imeneyo n'kuti Lukiya ataphunzitsa anthu awiri za moto, mwamuna mmodzi ndi mkazi wina wa m'mudzimo dzina lake Ida, ndipo pang'anjopo pankadya mabanja asanu ndi anayi. Ku Chikweo ankapita pa chikondwerero cha Idi pokha.

Matilda anapezadi malo kusukulu ija, naphunzitsa ana a sitandade 2 zaka zambiri. Ntchito ya ulangizi sanaibwererenso, ngakhale zinthu zitasintha m'dziko. Lukiya anamuitana kangapo kuti adzaone mmene malowo akulira. Nthawi zonse ankayankha kuti adzabwera sukulu ikatsekera, koma kwa Nsamala sanapondekonso.